Mkulu wa Ansembe Anang'amba Mkanjo wa Eni

Ndikukumbukira khonde la sitolo ya Che Amidu monga linalili chaka chimene ndinali mu Sitandade 6. Linali khonde lopapatiza, loyang'ana msewu wochokera ku Mlangeni, ndipo pakona pake panali makina osokera akuda amene phokoso lake tinkalimva tikadali patali pobwerera kusukulu. Pankamveka fungo la sopo wochapira, la parafini, ndi la nsalu yatsopano ikamasitidwa ndi simbi ya makala. Che Amidu anali Msilamu, Myao, ndipo ndiwo anali telala wa midzi yonse yozungulira. Bambo anga, a Lufeyo, anali ku migodi ku Joni, ndipo makalata awo ankafikira pa sitolo yomweyo. Ndikapita kukafunsa kalata, ndinkangoima pakhonde, ndiye iwo ankandiyankha ndisanafunse: "Abiti Lufeyo, lero palibe, koma abambo ako ali moyo, usadandaule." Dzina langa ndine Agata. Iwo okha ndiwo ankandiitana mwa kwawo chotero, ndipo ndinkasangalala nalo dzinalo.

Ndinali mwana wamanyazi kwambiri. Zimene ndinkalephera kunena ndi pakamwa ndinkazilemba m'kope lina lotsala la masamu, limene ndinkalibisa pansi pa mphasa.

Tchalitchi chathu chinali cha nthambi chabe. Bambo mfumu ankabwera kuchokera ku Nzama pa mthuthuthu kamodzi pa mwezi, ndipo pa nyengo ya Pasaka sankatifikira. Choncho Lachisanu Loyera lililonse akatekisiti athu, a Sitefano, ankakonza sewero la masautso a Ambuye panja, pansi pa mitengo ya bulugama. Akuluakulu ankatenga mbali zolankhula, ife ana tinkakhala khamu lofuula. Asanagawe mbalizo, a Sitefano ankafotokoza munthu aliyense wa m'nkhaniyo, ndipo chaka chimenecho anakhalitsa pa mmodzi.

Anati wansembe tonse tikumudziwa: ndi munthu wopereka nsembe m'malo mwa anzake. Bambo mfumu ndi wansembe, ndipo ngakhale makolo athu anali nawo anthu othira nsembe patsinde pa mtengo mvula ikakana. Koma mkulu wa ansembe anali mmodzi yekha m'dziko lonse la Ayuda. Iye yekha ndiye ankalowa m'chipinda cha m'kati mwenimweni mwa nyumba ya Mulungu, kamodzi pa chaka, kukapepesa chifukwa cha machimo a mtundu wonse. Anzake omuzungulira, aja ankakhala naye upo, ndiwo tinkawamva akutchedwa akulu a ansembe. "Udindo wake unali woyera," anatero a Sitefano, "ndiye chifukwa chake n'zomvetsa chisoni kuti munthu wa udindo wotero ndiye anaweruza wosalakwa." Ndinalemba zonsezi m'kope langa, mawu ndi mawu.

Pachimake pa mbali imeneyi, mkulu wa ansembe amapsa mtima n'kung'amba chovala chake. Zaka zonse ankavala chiguduli chobowola pamutu, ndipo akang'amba anthu ankaseka chifukwa cha fumbi la gaga limene linkatuluka. A Sitefano anatopa nako kusekako. Anati chaka chino pafunika mkanjo weniweni. Mkanjo m'dera lathu anali nawo ndani kupatula Asilamu a pa msewu? Ndipo ndani ankapitapita kwa Che Amidu kuposa mwana wa a Lufeyo? Maso onse anatembenukira kwa ine. Kukana sindinkakudziwa.

Ndinaima pakhonde paja nthawi yaitali ndikukanda chipilala ndi chikhadabo, mpaka Che Amidu anaimitsa phazi pa makina.

"Kalata palibe, koma iwe uli ndi mawu. Tulutsa."

Ndinawatulutsa, mobalalika. Anamvetsera osandidula, kenaka anafunsa: "Ameneyu mkulu wa ansembe ndi mfumu, kapena ndi shehe?" Ndinatsegula kope langa n'kuwawerengera zimene a Sitefano ananena, za chipinda cha m'kati ndi za kupepesera mtundu wonse. Anagwedeza mutu. Kenaka analowa m'nyumba, ndipo anatuluka ndi mikanjo iwiri. Wina unali uja ndinkawaona atavala Lachisanu lililonse popita ku mzikiti, wofwifwa, wa zigamba m'zigongono. Winawo unali wokulungidwa m'pepala, wonunkhira mankhwala a njenjete. Ataufunyulula ndinabweza manja kumbuyo. Unali woyera mbee, ndipo pachifuwa pake, kuzungulira khosi n'kutsika mpaka pamchombo, panali maluwa opeta ndi ulusi wonyezimira, ang'onoang'ono ngati mbewu za mawere. Anati anapeta ndi manja malemu bambo awo, ndipo iwo ankauvala pa Idi pokha.

"Munthu wolowa pamaso pa Mulungu m'malo mwa anthu onse sangavale wa zigamba," anatero. "Tenga uwu."

Ndinawauza kuti m'seweromo mkanjowo umang'ambidwa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Abiti Lufeyo, imeneyo ndi ntchito ya telala!" Anatenga kalumo, n'kuyamba kumasula msoko wa paphewa lakumanzere, kutsika nawo m'mbali mpaka m'chiuno, ulusi umodziumodzi, osakhudza nsalu. Atatha anaulumikizanso ndi singano ya pamanja, ndi ulusi wofooka, motalikitsa. Pamwamba pa phewa anamangapo kaulusi kofiira. Anati wovalayo akagwire pa kaulusi kofiirako, akoke pang'ono, ndipo mkanjo udzatseguka wokha ngati wang'ambikadi. Loweruka ndikaubweze, adzausoka ndi makina, ndipo palibe adzadziwe. Potsiriza anafunsa amene adzauvale. Ndinati aphunzitsi athu, a Likongwe.

"Aja ofatsa aja? Owonda ngati ine? Basi, palibe vuto."

Ndinaunyamula ndi manja awiri mpaka kunyumba ngati ndanyamula mazira a eni.

Lachiwiri la Sabata Yoyera tinali pokonzekera pansi pa bulugama pamene anatulukira a Kamphinda. Iwo anali wapampando wa chipani wa nthambi yathu, komanso mkhristu wa tchalitchi chathu, wokhala pa benchi ya kutsogolo. Anali munthu wa mimba ndi mawu. Chaka cham'mbuyo anatseketsa sitolo ya Che Amidu kwa sabata yathunthu chifukwa anagulitsa shuga kwa mayi wina wopanda khadi la chipani, ndipo aliyense ankazidziwa. Anaima manja m'chiuno akuyang'ana mpando wa ndalema umene tinaufunditsa nsalu yofiira, ndi chisoti chachitali cha katoni chimene tinamata mapepala onyezimira a m'mapaketi a fodya.

"Mpando uwu ngwa yani?"

"Ngwa mkulu wa ansembe, a Tcheyamani," anayankha a Sitefano.

"Ndiye pamudzi pano pakhale mpando woweruzira milandu, n'kukhalapo mphunzitsi wobwera dzulodzuloli? Eni mudzi tinafa?"

A Sitefano anayesa kufotokoza kuti mbaliyo si yabwino, kuti munthuyo ndi woweruza mokhota. A Kamphinda anali atakhala kale pampandopo akuyesa chisoti. A Likongwe anangowapatsa pepala la mawu n'kukaima m'gulu la asilikali. Palibe anatsutsa. Masiku amenewo mphunzitsi akakangana ndi wapampando, mwezi wotsatira ankapezeka akuphunzitsa kutali, ngati zamuyendera bwino.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine, ndipo sindidzibisa. Ndinali ndi Lachitatu ndi Lachinayi. Masiku onse awiri ndinadutsa pa sitolo paja. Lachinayi Che Amidu anandikuwira ali pa makina, kufunsa ngati mkulu wa ansembe wakwana mu mkanjo wake, ndipo ine ndinati, "Eya, akwana." M'kope langa tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Ndikawauza, autenga. Akautenga, a Kamphinda amva kuti Che Amidu awakaniza. Ndiye sitolo itsekedwanso. Ndikhale chete, ndidzawaonetsa bwino pogwira." Zinali zoona. Koma chinanso choona n'chakuti ndinkaopa kutsegula pakamwa, ndipo ndinasangalala kupeza chifukwa chabwino chokhalira chete.

Lachisanu linacha ndi nkhungu, ndipo mvula yamawawa inasiya matope ofiira pabwalo. Anthu anabwera ambiri, ena kuchokera kufupi ndi Tsangano, amayi atanyamula chimanga chophika ndi maungu zoti ana adye akatopa, popeza akuluakulu anali kusala. Kuseri kwa tchalitchi ndinawaveka mkanjo a Kamphinda pamwamba pa malaya awo. Unathina pamimba moti maluwa aja anatambasuka ngati akufuna kulira. Ndinagwada, n'kuloza kaulusi kofiira paphewa.

"Bambo, pong'amba mugwire apa. Mukoke pang'ono chabe."

"Iwe kamwana ka Lufeyo, ukufuna undiphunzitse kung'amba nsalu? Ine amene ndinalimbana ndi Chitaganya cha atsamunda?"

Achinyamata awiri a malaya ofiira amene ankayenda nawo anaseka. Ine ndinabwereza, ndikuyang'ana pansi, kuti mkanjowo ndi wa eni. Sindikudziwa ngati anamva.

Sewero linayenda bwino poyamba. Munthu wina anabisala kuseri kwa chulu kuti adzalire ngati tambala, koma tambala weniweni wa a Sitefano anamutsogolera, ndipo anthu anaseka mobisa. Kenaka anabweretsa wosewera mbali ya Ambuye, ali womangidwa, pamaso pa mpando. A Kamphinda mawu a pa pepala sanawaloweze, ndiye ankangolankhula awoawo, omwe aja tinkawamva pa misonkhano: kuti ameneyu ndi woukira, wosokoneza anthu, wosalemekeza akuluakulu. Apo palibe anaseka. Ine maso anga anali paphewa lawo basi.

Ndipo anagwira pa kaulusi kofiira. Ndikufuna chimenechi chidziwike: anagwira pamalo pake. Anakoka, msoko unatseguka kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, bwinobwino, monga Che Amidu ananenera. Ndinapuma. Koma unatseguka mwakachetechete. Ulusi wofooka sulira. Anthu amene anazolowera kukhadzuka kwa chiguduli anangokhala duu, ndipo kumbuyo munthu wina, woledzera kapena wachipongwe, anakuwa kuti, "Sitinamve!"

Ena anaseka. Ndinaona khosi la a Kamphinda likufufuma. Anaponya maso uku ndi uku. Kenaka analowetsa zala za manja onse awiri pakhosi pa mkanjo, pakati penipeni pa maluwa, n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse.

Phokoso limenelo ndimalimvabe m'mano. Nsalu inakhadzuka kuyambira pakhosi, kudula maluwa onse pakati, mpaka pamimba. Amayi anafuula, "Mayo!" A Kamphinda atamva kuti tsopano anthu agwidwa mtima, anakokanso, mpaka pansi pa mpendero. Anauvula, anauponya m'matope, anaupondaponda ndi nsapato. Anthu anawomba m'manja, pa Lachisanu Loyera, tsiku losawomba m'manja. Ife ana tinayenera kufuula kuti womangidwayo aphedwe. Anzanga anafuula. Ine ndinakukuta mano mpaka ndinadziluma lilime, ndipo ndinamva kukoma kwa magazi.

Gulu litasunthira kokapachika, ndinatsala ndekha n'kuutola. Unali wolemera ndi matope. Tizidutswa ta ulusi wonyezimira tinali titamwazika pansi, ndipo ndinayamba kutitola kamodzikamodzi, ngati kuti tingabwezeretsedwe. A Sitefano anandipeza ndikutero. Anayang'ana mkanjo, anayang'ana kumene kunali a Kamphinda, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ukawapepesere, mwana wanga." Basi. Munthu amene anandituma, amene anatiphunzitsa za kupepesera mtundu wonse, anatuma kamtsikana ka zaka khumi ndi ziwiri kukapepesa m'malo mwa tchalitchi chonse, iwo n'kuthamangira kukayambitsa nyimbo. Ndinawakhululukira mochedwa kwambiri.

Amayi anauchapa madzulo omwewo, katatu. Matope ofiira a kwathu sachoka pa nsalu yoyera. Loweruka m'mawa anafuna kundiperekeza, koma ndinakana. Ndinaubwereka ndekha, ndikaubweza ndekha.

Che Amidu anauyala pa tebulo lawo lodulira nsalu. Anayamba ndi msoko wawo uja, anaona kuti unatseguka monga anakonzera. Kenaka anayendetsa chala m'mphepete mwa chong'ambika chachikulu chija, pang'onopang'ono, kuyambira pakhosi mpaka pansi. Sanakweze mawu.

"Awa si manja a aphunzitsi aja. Anavala ndani?"

Ndinawauza. Anafunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinati Lachiwiri.

"Ukanandiuza, mwanangu. Ndikanakupatsa wa zigamba uja, iwo sakanadziwa kusiyana kwake."

Bwenzi atandimenya. Nzeru yophweka chonchi, ine ndinalephera kuiganiza masiku awiri athunthu, chifukwa ndinasankha kukambirana ndi kope m'malo mwa munthu.

Tikadali chomwecho, a Kamphinda anakwera pakhonde, achinyamata awo pambuyo. Anali okondwa. Anthu anali akuwayamikira msewu wonse. Ataona mkanjo patebulo anawomba m'manja.

"Che Amidu! Kani unali wanu? Mwaphonya dzulo, anthu analira. Koma nsalu yanuyi njofooka, achimwene, yangoti khadzu ngati pepala. Muzigula zolimba."

Ndipo Che Amidu anaseka. Anaseka, mutu uli pansi, n'kunena kuti, "Inali yakale, a Tcheyamani." Kuseka kumeneko n'kumene kunandithyola. Ine amene sindinkatha kufunsa kalata ya bambo anga, ndinamva mawu anga akutuluka okwera, achilendo.

"Si yofooka! Munang'amba dala! Ndinakuonetsani pogwira, munang'amba dala!"

Mmodzi wa achinyamata aja anasuntha phazi. Koma Che Amidu anamutsogolera. Anadzuka, anandigwira pamkono mwamphamvu moti zala zawo zinatsala zikuoneka, n'kundikankhira kunja kwa khonde. "Choka pano, mwana wopanda mwambo! Ukulankhula ndi ndani? Abambo ako akachoka ndiye uzitukwana akuluakulu? Usapondenso pano!" Anapitiriza kukalipa ine ndikuthawa, ndipo ndinawamva akupepesa kwa a Kamphinda kuti kamwanako kali ndi malungo, kakubwebweta.

Ndinalira m'munda wa chimanga mpaka dzuwa linafika pamutu. Nditafotokoza kunyumba, amayi anatseka chitseko masana, anandiuza nditulutse kope lija, limene ndinkayesa kuti sakulidziwa, ndipo anang'amba masamba onse amene munali dzina la a Kamphinda n'kuwaponya pamoto. Anati abambo ako akadzabwera adzafuna kupeza mkazi ndi ana, osati nkhani. Masana omwewo anagwira nkhuku yathu yaikulu n'kupita nayo kwa a Kamphinda kukapepesa chipongwe changa. Wong'amba analandira nkhuku. Wong'ambiridwa sanalandire kanthu, chifukwa amayi atapita ndi ina kwa Che Amidu, iwo anaibweza, nati anthu angaone ngati pali mlandu.

Panapita milungu itatu ndisanapondenso pakhonde paja. Anandiitana okha ndikudutsa, kalata ya bambo ili m'manja. Anati ndisawasungire chakukhosi chifukwa cha mkono uja, pakuti akanapanda kundikalipira iwo, akanandikalipira ena, ndipo enawo sakalipa ndi pakamwa. Ndinafunsa ngati mkanjo ungasokeke. Anati nsalu isokeka, koma manja amene anapeta maluwa aja ali m'manda. Sitinaikambenso nkhaniyo. Anapitiriza kundiitana Abiti Lufeyo mpaka ndinapita ku sekondale, ndipo anamwalira ndili kumeneko, chipani chikadali chimodzi.

Masiku ano zinthu zinasintha. Tchalitchi chija chili ndi malata ndi magetsi, achinyamata amachita sewerolo ndi zokuzira mawu, ndipo mkulu wa ansembe amang'amba nsalu ya pabedi ya pa kaunjika imene palibe amaililira. Apampando a zipani ndi ambiri moti ana amawatsutsa pamsika popanda kuyang'ana kumbuyo. Ine ndinakhala mphunzitsi, ndinaphunzira kulankhula pamaso pa anthu.

A Kamphinda ndinakumana nawo kamodzi, zipani zitachuluka kale, pamalo odikirira basi ku Mlangeni. Anali atatha, mimba ija itaphwa, maso atachita ng'ala, ali ndi thumba la mbatata pambali. Ndinakhala pafupi nawo, ndinadzitchula kuti ndine mwana wa a Lufeyo, ndipo ndinawauza zonse, mwadongosolo, monga ndinakhala ndikuzikonzera kuyambira ndili mtsikana. Ndinawauza za bambo ake a Che Amidu, za msoko, za nkhuku. Anamvetsera mwaulemu, pakamwa pali yasa. Sewerolo analikumbukira, nkhope inawala, nati chaka chimenecho anthu analira. Kenaka anandifunsa, moona mtima ndithu:

"Koma mkanjowo mukuti unali wa yani, mayi?"

Basi inafika. Sakanatha kukweza thumba lija okha. Ndinawanyamulira mpaka pakhomo la basi, ndinawagwira mkono pokwera, ndili chikwiyire.